Bambo Hawkins Muhiwa ndi Mlatho wa pa Khwawa la Kumanda

Malemu Bambo Hawkins Muhiwa, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 14 Juni chaka cha 1956 m'mudzi mwa Nakhonyo, m'boma la Chiradzulu. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri la Bambo ndi Mayi Muhiwa, omwe anatsogola kale. Abusa, akuluampingo, amfumu, adzukulu, achibale ndi anansi nonse, ife akubanja tikudziwa kuti ambiri mwakhala mukufunsana kuti zatheka bwanji kuti munthu womwalira Lolemba aikidwe Loweruka. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'mbiri ikuwerengedwayi. Tikupempha mutilezere mtima mpaka kumapeto.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1964 pa sukulu ya mishoni ya kwawo. Anzawo amene akadali moyo akuchitira umboni kuti pa masamu panalibe wowaposa. Mayeso a Sitandade 8 analemba kawiri, mu 1972 ndi mu 1973, ndipo kawiri konseko anakhoza, koma dzina lawo silinatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba. Setifiketi yawo taipeza Lachiwiri lapitali, itapindidwa bwinobwino mkati mwa buku lawo la nyimbo.

Mu 1975 anabwera muno mu Blantyre ndi kufikira kwa amalume awo ku Chemusa. Anapeza ntchito yosesa pa fakitale ina ya zitsulo ku Makata. Akusesa choncho, maso awo ankakhala kwa owotcherera zitsulo, mpaka tsiku lina anadzuka maso atatupa chifukwa choyang'anitsitsa moto wopanda magalasi. Kapitawo wa pamenepo ataona zimenezo, anawakalipira kaye, kenaka anawapatsa magalasi ndi kuyamba kuwaphunzitsa ntchito. Mu 1980 anakhoza mayeso a boma a ntchito zamanja. Ankanena kuti pa fakitalepo mainjiniya ankabwera ndi mapepala, iwo ndi kusandutsa mapepalawo kukhala chinthu choimirira. Chimene chinkawawawa mumtima n'chakuti manambala olembedwa pa mapepalawo panalibe amene anawafotokozerapo chiyambi chake.

Pa 7 Ogasiti 1982 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Constance Namaona a ku Thyolo. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu. Mu 1986 banjali linasamukira kuno ku Bangwe, pa malo ano amene takhalapa, kumtunda kwa khwawa limene tonse timalitcha Khwawa la Kumanda, popeza tsidya lake ndiko kuli manda athu. Fakitale ija itatsekedwa mu 1997, malemu anatsegula shedi yawo kuseri kwa nyumba. Mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo, mbaula ndi mawilibala ambiri a m'dera lino anatuluka m'manja mwawo.

M'mwezi wa Febuluwale 1998 banjali linataya mwana wawo wachinayi, Alinane, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo pakhwawapo panali mitengo itatu ya bulugamu yogonekedwa, ndiye mlathowo. Mvula inali itagwa, mitengo ikuterera, ndipo anthu sakanatha kuyendapo awiriawiri. Kabokosi ka mwanayo kanawoloka mopatsirana, kakupendekeka uku ndi uku, bambo wake akuona. Malemu sanadandaule kwa munthu aliyense. Sabata yotsatira anatenga khasu ndi piki ndi kukalowa gulu la adzukulu, ndipo chilimwe cha chaka chomwecho anatsogolera anzawo kumanga mlatho wa mitengo wotakasuka, woti onyamula bokosi ayende mbali zonse ziwiri. Mu 2008 anasankhidwa kukhala mkulu wa adzukulu, udindo umene ausiya pomwalira. Anali ndi ndodo yachitsulo imene anadzipangira yekha m'malo mwa bango loyezera bokosi, ndipo manda ambiri amene muwaone tsidyalo anayezedwa ndi ndodo imeneyo.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola mlatho uja ndi kukumba khwawa mpaka linakula kawiri. Kuyambira pamenepo maliro athu anayamba kuyenda pa lole, kuzungulira kumsewu wa tala, ulendo wautali kupita ku manda amene timawaona tili pakhomo. Lole imatenga anthu ochepa. Agogo ambiri ankatsala tsidya lino, kumangomva nyimbo ikuimbidwa kumanda osaponyako dothi. Ana asukulu ankatsika m'khwawa ndi kukwera chokwawa. Malemu ankati munthu amene anayenda ndi miyendo yake m'dera lino moyo wake wonse sayenera kutuluka ngati katundu wa pa lole, ayenera kupita pa mapewa a anzake.

Mu Meyi 2024 kunabwera ophunzira khumi ndi awiri a za uinjiniya ochokera ku yunivesite ina ya mumzinda muno. Mphunzitsi wawo, Mayi Sophie Likoswe, anafotokoza kwa amfumu kuti pa sukulu pawo wophunzira wa chaka chachitatu sakhoza ndi za m'kalasi zokha, koma amayenera kupita kudera, kukamva vuto la anthu, ndi kulithetsa pamodzi ndi eni dera. Gulu limeneli linasankha khwawa lathu. Mtsogoleri wawo anali Madina Salehe, mtsikana wa ku Ndirande, ndipo womuthandiza anali Ahmadi Yusuph. Onse ali nafe pano.

Ana amenewa anagwira ntchito yawo mwakhama, zimenezo tisabise. Sabata yathunthu anakhala m'mbali mwa khwawa ndi makope awo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuwerenga aliyense wowoloka: ana asukulu, amayi osenza ndowa, ogulitsa makala okankha njinga, ngakhale mbuzi. Anayeza khwawa m'litali ndi m'lifupi, anajambula mapulani, ndipo kampani ina inawapatsa zitsulo zokwanira mlatho umene anajambulawo. Koma mwa chisomo cha Mulungu, sabata imene ankawerengayo m'dera lino simunamwalire munthu. M'makope mwawo munali chilichonse chowoloka khwawa kupatula maliro.

Pa 13 Julayi 2024 anatiitana pa bwalo la tchalitchi kudzationetsa mapulaniwo. Mlatho unali wokongola, wa zogwirira mbali zonse ziwiri, mulifupi mwake mita imodzi ndi kachidutswa, woti anthu awiri apatukirane. Tonse tinaomba m'manja, amayi ndi kululutira. Malemu sanaombe. Anadikira phokoso lithe, anaimirira chipewa chili m'manja, nathokoza anawo mwaulemu wonse, kenaka anapempha kuti awalole kuyesa mlathowo usanamangidwe.

Anatuma anthu kukatenga phulusa ndi chitseko chachitsulo kushedi kwawo. Ndi phulusalo anajambula mizere iwiri pansi, yotalikirana monga mapulani ankanenera. Pachitsekopo anaikapo matumba awiri a mchenga. Atatero anaitana anyamata asanu ndi mmodzi mwa ophunzirawo, atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, nawauza kuti anyamule ndi kuwoloka, koma woponda kunja kwa phulusa adziwe kuti wagwera m'khwawa. Sanayende mapazi atatu, onse asanu ndi mmodzi anali kunja kwa mizere. Malemu anawauza kuti apepese kwa akazi awo a m'tsogolo chifukwa onse afera pa maliro a mwini wake. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Koma atafotokoza kuti chitsekocho chinkaimira bokosi la maliro, ndi kuwonjezera kuti pa maliro anthu amalandizana bokosi likuyenda, kuseka kunatha. Ahmadi ndiye anayamba kuvomereza, nanena kuti ngakhale jeneza ya Asilamu sikanadutsa, ndipo iye mwini anainyamulapo kangapo koma sizinamubwerere m'mutu pojambula.

Madina tsiku limenelo anachoka pabwalo akulira. Nthawi yoti apereke ntchito yawo kusukulu inali itayandikira, zitsulo zinali zitabwera kale, ndipo kukulitsa mlatho kunkatanthauza kuyambiranso zonse. Anzake ena ankati amange momwemo, maliro azizungulirabe pa lole, popeza akufa sadandaula. Malemu atamva zimenezo sanakwiye. Anangowauza kuti n'zoona akufa sadandaula, koma amene ayenera kuwafunsa ndi agogo otsala tsidya lino. Patapita masiku anayi Madina anabwera kushedi ndi kope latsopano, nawauza kuti gulu lagwirizana zoyambiranso, ngakhale zitatanthauza kulephera phunzirolo. Anawapempha ndodo yawo yachitsulo kuti aiyeze.

Pano tiyenera kunena zoona, chifukwa malemu sankakonda mbiri yodzola mafuta. Iwonso analakwitsa, ndipo anawongoledwa ndi ana omwewa. Ophunzirawo atawerengetsa bwino anapeza kuti zitsulo zomwe zija zikhoza kukwanira mlatho wotakasuka ngati utamangidwa kumtunda pang'ono, pamene khwawa ndi lopanikiza ndipo pali thanthwe. Malemu anakanitsitsa. Anati njira ya maliro sisuntha, pamene anawolokera Alinane ndi pamene adzawolokere iwo. Kwa masabata atatu sanapondeko kukhwawa, ndipo ophunzirawo akawapatsa moni ankayankha akuyang'ana kumbali. Mayi Muhiwa akuti kunyumba ankangokhalira kung'ung'udza za ana a masiku ano amene ayamba kuphunzitsa adzukulu njira ya kumanda.

Madina sanalimbane nawo pakamwa. Anawapempha kuti, monga katswiri wa dothi la dera lino, akumbe dzenje pamalo akalewo pamene pakanakhala mwendo wa mlatho. Malemu anapita ndi adzukulu anzawo, akuti akawaonetse anawo. Atakumba kufika m'chiuno anapeza mapulasitiki, zigamba ndi mchenga wobwera ndi madzi, m'mbali mukugumuka, pansi pakutuluka madzi. Potuluka m'dzenjemo malemu ananena pamaso pa onse kuti dothi lotere iwo sangagonekemo munthu, nanga angaimikemo bwanji mlatho. Mawa lake anavala jekete ndi kuyenda okha khomo ndi khomo kupempha njira yatsopano, ndipo banja la a Chikopa linavomera kusuntha mpanda wawo kuti anthu azidutsa.

Kuyambira pamenepo shedi ija inasanduka kalasi. Malemu anaphunzitsa anawo kugwira chowotcherera, kumva ndi khutu ngati moto uli bwino, ndi kugogoda chitsulo kuti adziwe ngati chagwira. Wowotcherera mosasamala ankamuuza kuti wamata ndowe za nkhuku, adule ayambirenso. Ophunzirawo nawo anawakhazika pansi ndi kuwafotokozera manambala aja: chifukwa chake chitsulo chogonekedwa cham'mbali chimalimba kuposa chogonekedwa chafulati, ndi mmene munthu amadziwira kulemera kumene mlatho unganyamule. Malemu anagula kope la ana asukulu, ndipo ankalemba masamu amene Ahmadi ankawapatsa ndi kukawaonetsa Loweruka lotsatira. Anali ndi zaka 68. Anauza akazi awo kuti sekondale imene inawakana ija yawalondola yokha kushedi.

Nthawi yopereka ntchito kusukulu itakwana, pakhwawa panalibe mlatho, panali miyendo iwiri ya konkire basi. Ophunzirawo anakapereka lipoti lofotokoza poyera kulakwitsa kwawo ndi mmene anakukonzera. Mayi Likoswe anaitana malemu kuti akakhale nawo pomvetsera lipotilo, ndipo aka kanali koyamba kuti iwo alowe m'kalasi ya yunivesite. Ana onse khumi ndi awiri anakhoza. Chimene tikufuna muchidziwe n'chakuti atalandira malikisi awo panalibenso chowakakamiza kubwera kuno, koma mvula itatha mu 2025 anabweranso, Loweruka lililonse, atatenganso anzawo a kalasi ya pambuyo pawo.

Mu Epulo 2025 malemu anayamba kudandaula kutupa miyendo ndi kufooka. Kuchipatala cha Queens anawapeza ndi vuto la impso, ndipo anagonekedwa kawiri, mu Meyi ndi mu Ogasiti. Chowotcherera anachisiya, koma kukhwawa sanasiye. Ankawatengera mpando, iwo ndi kumaloza ndi ndodo yawo ija.

Pa 13 Seputembala 2025, Loweruka, dera lonse linatuluka kudzathira konkire ya pamwamba pa mlatho. Amayi anatunga madzi, achinyamata anasakaniza, adzukulu anakankha mawilibala. Pomaliza Madina analengeza kuti konkire imafuna masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu kuti ikhwime, izithiriridwa madzi tsiku lililonse, ndipo chinthu cholemera chisadutsepo masikuwo asanakwane. Malemu anadzipereka kukhala mlonda. M'mawa uliwonse ankakhala pampando pakhomo pa mlatho, ndodo ili pamiyendo, ndipo tsiku likatha ankalemba kamzere ndi choko pa chitsulo. Anabweza a kabaza, anabweza ogulitsa makala, anabwezanso mkulu wampingo mnzawo amene ankati angodutsa kamodzi kokha. Onse ankawauza chimodzimodzi, kuti konkire sidziwa udindo wa munthu, imangodziwa masiku ake.

Pa 2 Okutobala matenda anakula ndipo anathamangira nawo ku Queens. Ali m'chipatala anauza akazi awo ndi mwana wawo woyamba, a Raymond, kuti ngati Mulungu awaitana, asadzakwezedwe pa lole kuchoka pakhomo pano. Anamwalira Lolemba pa 6 Okutobala 2025, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ali ndi zaka 69. Konkire inali ndi masiku makumi awiri ndi atatu.

Banja linakonza zoika maliro Lachitatu. A Raymond anapita kwa Madina kukapempha kuti mlatho utsegulidwe tsiku limenelo, popeza masiku otsala anali atatu okha ndipo mwini mlatho ndiye wagona. Madina analira, koma anakana. Anati mwina konkireyo ikanapirira, koma iye sangaike dzina lake pa mawu akuti mwina pamene pamlathopo padzakhale khamu la anthu, ndiponso malemu eni ake anabweza mkulu wampingo pa chifukwa chomwecho. Mawu amenewa anatipweteka, ndipo ena a ife tinayankhula zimene lero tikuchita nazo manyazi. Tinatsala ndi njira ziwiri: kuwakweza pa lole Lachitatu, kapena kudikira. Amene anadula nkhaniyi ndi Mayi Muhiwa. Anati amuna awo anadikira sekondale zaka makumi asanu, masiku atatu sangawalephere. Ichi ndicho chifukwa thupi lakhala ku nyumba yachisoni mpaka dzulo, ndipo inu mwakhala nafe pano sabata yathunthu. Tikupepesa chifukwa cha kutopa kwanu.

Masiku onsewa ophunzira aja akhala akusinthana pampando wa malemu, kuthirira konkire ndi kulemba timizere totsala. M'mawa wa lero alemba kamzere ka makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Aunjika matumba a mchenga pamlathopo, ayeza, ndipo Mayi Likoswe asayina kuti mlatho watsegulidwa. Sipanadutse munthu wina aliyense.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Constance Muhiwa. Ana anayi, a Raymond, a Janet, a Olivia ndi a Ricky. Zidzukulu khumi ndi chimodzi. Ndi alongo awo awiri, a Thandie ndi a Esinala, amene abwera kuchokera ku Chiradzulu.

Ife akubanja tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Queens chifukwa cha chisamaliro chawo. Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a Mvano amene aimba ndi kutitonthoza masiku asanu osatopa, amayi a m'dera amene sanachoke kumoto, amfumu athu, abale athu a kumzikiti amene atibwereka matenti ndi mabenchi, ndi banja la a Chikopa chifukwa cha njira. Adzukulu, mwakumba manda a mkulu wanu ndi muyeso wa ndodo yake yomwe, Mulungu akudalitseni. Mayi Likoswe ndi ophunzira anu, munabwera kudzaphunzira pa ife, ndipo mwatisiyira chimene sitikanatha tokha. Madina, mwana wathu, banja likupempha utikhululukire mawu a Lachiwiri aja. Unachita zimene malemu akanachita, ndipo Mayi Muhiwa apempha kuti maliro akatha ndodo ija ikhale yako.

Tikanyamuka pano sitikwera lole. Tidutsa njira yatsopano ya kwa a Chikopa. Pamlatho bokosi linyamulidwa ndi adzukulu atatu mbali imodzi, ndipo mbali inayo ophunzira atatu mwa aja anagwera kunja kwa phulusa. Ofuna kulandira bokosi pamlathopo alandire, malo alipo. Agogo nonse amene mwakhala mukutsala tsidya lino, lero musatsale. Ana akugwirani dzanja, mukaponye dothi.

Bambo Hawkins Muhiwa, masiku aja akwana. Wolokani pa mapewa a anzanu, mukagone pafupi ndi Alinane. Mzimu wanu uuse mumtendere.